Mlonda wa kachilombo ka TB ndiye amakaphetsa

Amayi, mukamayendera odwala chifuwa chachikulu cha TB m'miphakati yanu, mumamva ena akuti, "Chifuwa chatha, mankhwala ndasiya." Kuti mukhale ndi chowayankha, tiyeni tione mmene kachilombo ka TB kamadzitetezera.

Kachilomboka ndi ka mtundu wa bakiteriya, ndipo anakatulukira Robert Koch mu 1882. Kakalowa m'mapapo, asilikali a m'magazi amakameza n'kukathira mankhwala aukali amene thupi limapanga lokha. Amodzi mwa iwo ndi hydrogen peroxide. Tizilombo tambiri timafera pomwepo, koma ka TB kali ndi alonda ake otchedwa ma enzyme, amene amaziziritsa ukaliwo.

Alondawa sakhala malo amodzi. Wina, dzina lake SodC, amakhala pakhungu la kachilomboka ngati mlonda wa pachipata. Wina, KatG, amagwira ntchito m'kati, ndipo amasandutsa hydrogen peroxide kukhala madzi ndi mpweya basi.

Tsono mlonda wa m'katiyu ndi amene timamugwiritsa ntchito. Mankhwala a isoniazid, amene akhala akuchiza TB kuyambira 1952, amalowa m'kachilomboka ali ogona, opanda mphamvu. KatG akawakhudza amawadzutsa, ndipo akadzuka amaletsa kachilomboka kumanga khungu lake mpaka kufa.

Vuto ndi lakuti pa tizilombo tambirimbiri tomwe tili m'chifuwa cha wodwala, pamakhala towerengeka tomwe KatG wake ndi wosinthika, sadzutsa isoniazid. N'chifukwa chake kuchipatala amapereka mankhwala a mitundu inayi pamodzi kwa miyezi iwiri yoyamba, kenako mitundu iwiri kwa miyezi inayi, kuti kamene kazemba mankhwala amodzi kaphedwe ndi enawo. Wodwala akamadumphitsa kapena kusiyira panjira, tozemba tija ndi tomwe timatsala n'kuswana. Chifuwa chikabwerera chimakhala chosamva mankhwala, chovuta kuchiza, ndipo ana ogona naye m'nyumba akhoza kutenga chomwecho.

Choncho mukafika kwa wodwala, musangofunsa kuti wadzuka bwanji. Funsani ngati wamwa mankhwala lero, ndi tsiku lokatenga ena. Ngati akumuvutitsa m'thupi, asasiye yekha. Muperekezeni kuchipatala akafotokoze. Ngati chomulepheretsa ndi njala kapena ndalama yoyendera, kakambiraneni pagulu lanu. Miyezi 6 ndi yaitali kwa munthu amene akumwa mankhwala yekha popanda womukumbutsa.