Phunziro 7: Mphunzitsi ndi mtima wa wophunzira

Wophunzira wa sekondale ku Namwera amakhala pamaso pa mphunzitsi tsiku lonse. Choncho akadwala, mphunzitsi ndiye amayamba kuona.

Zilonda zapakhosi zodza ndi kutentha thupi zimagwira kwambiri ana a zaka 5 mpaka 15. Zikalekereredwa, nthawi zina zimaononga mtima, ndipo vutolo limadzaoneka patapita zaka: kupuma mobanika ndi kutupa miyendo. Mankhwala a penisilini, akaperekedwa msanga, amateteza mtimawo.

Mphunzitsi asamunene mwana wotere kuti ndi waulesi. Amutumize kuchipatala cha Namwera tsiku lomwelo, ndi kudziwitsa makolo ake.

Mafunso okambirana:

1. Kodi sukulu yathu imatani mwana akadandaula za pakhosi?

2. Nanga ife makolo tingawathandize bwanji aphunzitsi?