BAKHA SI NKHUKU

Ndili mu Sitandade 7, chitopa chinalowa m'mudzi mwathu ku Domasi m'mwezi wa Okutobala. Pasanathe sabata ziwiri nkhuku zathu zonse zinali zitafa. Pakhomo panangotsala abakha atatu a agogo anga aakazi. Bakha mmodzi atayamba kukhalira mazira, agogo anandipatsa ntchito yomuyang'anira. Ine ndinawerenga masiku 21 monga timachitira ndi nkhuku. Mazira sanaswe. Ndinadikiranso sabata imodzi, kenaka ndinati asukusa basi, ndi kukawataya kudzala. Limodzi litaphwanyika ndinaona kamwana kamoyo kakugwedezeka m'kati. Tsiku limenelo ndinapha tiana 12. Agogo sanandikalipire. Anangoti, "Mdzukulu wanga, bakha si nkhuku." Phunziro lathu lagona pa mau amenewa.

Kodi bakha ameneyu ndi wotani?

Abakha amene timaweta m'midzi yathu ndi a mtundu wa Muscovy. Dzinali limamveka ngati la mzinda wa Moscow, koma kwao kwenikweni ndi ku Mexico ndi maiko a ku Central ndi South America. Anthu a kumeneko anali atayamba kale kuwaweta Azungu asanafike, ndipo zombo zinawatengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Akatswiri a sayansi amamutcha Cairina moschata.

Kumuzindikira n'kosavuta. Kumaso kwake kuli khungu lofiira la tizinthu totupatupa. Salira mokweza ngati abakha ena: wamwamuna amangopemerera ngati njoka, wamkazi amalira motsitsa. Ali ndi zikhadabo zakuthwa chifukwa makolo ake a kutchire amagona m'mitengo. Wamwamuna wodyetsedwa bwino amaposa makilogalamu 4, pamene wamkazi amalemera pafupifupi theka la pamenepo.

Khola ndi chakudya

Bakha amagona pansi, choncho khola la m'mwamba la nkhuku silimuyenera. Mangani khola lapansi, lofolera bwino, lotseka usiku, ndipo muziyalamo udzu wouma kapena mankhusu a mpunga. Ndowe za bakha ndi zamadzimadzi, n'chifukwa chake zoyalazo muzizisintha kawirikawiri ndi kukazithira kudimba. Anthu amati bakha ndi wauve, koma nthawi zambiri uvewo ndi wa mwini khola.

Masana bakha amadzifunira yekha chakudya: udzu wanthete, nkhono, nyongolotsi, ntchentche ndi tizilombo tina. Inu muonjezere madeya onyowetsa pang'ono, masamba a ndiwo ndi zotsala za nsima. Chofunika kukumbukira ndi chakuti bakha sadya popanda madzi pafupi. Amatapa chakudya ndi kumizira madzi. Chiwiya cha madzi chikhale chakuya moti n'kumizamo mutu wonse, kuti atsuke maso ndi mphuno. Dziwe si lofunika kwenikweni. Beseni lakale ndi lokwanira.

Musampatse chimanga kapena mtedza wochita chuku. Poizoni wa m'chuku amapha tiana ta abakha msanga kuposa anapiye.

Kuikira ndi kukhalira mazira

Wamwamuna mmodzi amakwanira aakazi anayi kapena asanu. Amuna akachuluka amamenyana ndi kuvulaza aakazi. Ndi bwino kusinthana wamwamuna ndi anzanu a mudzi wina pakapita chaka, kuti asamakwere ana ake omwe.

Wamkazi amayamba kuikira ali ndi miyezi 6 kapena 7. Amaikira mazira 8 mpaka 16, ndiye amadzizula nthenga za pachifuwa kuyala m'chisa. Mukaona nthengazo, dziwani kuti watsala pang'ono kukhalira. Lembani tsikulo pakalendala kapena pakhoma. Nkhuku imaswa pa masiku 21, abakha a mitundu ina pa masiku 28, koma Muscovy amatenga masiku 35, ndiye kuti sabata zisanu zathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati mukukayika, pakapita masiku 10 tengani dzira usiku ndi kuliunika ndi tochi. Dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira ngati ukonde wa kangaude. Lopanda kanthu limaoneka loyera mbee. Ndikanadziwa zimenezi kale, tiana tija tikanakhala ndi moyo. Musadabwenso mukaona make wachoka pachisa kukasamba. Chinyezi chimene amabwera nacho m'nthenga chimathandiza mazirawo.

Sabata zoyamba

Apa ndi pamene alimi ambiri amaluza. Tiana tikangoswa, make amafuna kupita nato kumadzi. Ife a m'mbali mwa mtsinje wa Domasi timadziwa zotsatira zake: amapita 12, pobwerera ali 7. Kumtsinje kuli ng'azi, m'mwamba muli mphamba ndi akhwangwala. Kuonjezera apo, kamwana ka bakha kalibe nthenga zenizeni, kali ndi ubweya chabe. Kakanyowa kwambiri kamazizidwa ndi kufa, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye pamene chiperoni chawomba.

Choncho tsekerani make ndi ana ake m'kampanda kwa sabata zitatu kapena zinayi. Madzi muwaike m'mbale yosaya, ndipo muikemo timiyala kuti tiana tisamire. Madeya okha sakwanira pa msinkhu umenewu. Sakanizani ndi fumbi la matemba kapena soya wokazinga ndi kusinja, ndipo muziwafukulira chiswe.

Matenda ndi anansi

Bakha amapirira chitopa, koma akhoza kunyamula kachilombo kake osadwala ndi kupatsira nkhuku. Musawagoneke khola limodzi, ndipo nkhuku zanu zizilandirabe katemera. Mukaona abakha akufa motsatizana, kauzeni alangizi a ziweto.

Vuto lina ndi la pakati pa anthu. Kwathu kuno ambiri amalima mpunga, ndipo abakha akalowa mu nazale amazula mbande m'kanthawi kochepa. Milandu yotere imafika mpaka kwa a mfumu. Aakazi amauluka, choncho dulani nsonga za nthenga zazitali za phiko limodzi lokha. Sizimupweteka, ndipo nthengazo zimameranso. M'nyengo yofesa ndi yokolola, atsekereni.

Phindu lake

Bakha mmodzi akhoza kukhalira kawiri kapena katatu pachaka. Nyama yake ndi yambiri ndiponso ilibe mafuta ochuluka ngati ya abakha ena. Amene ali ndi maiwe a nsomba, monga alimi ophunzitsidwa ndi National Aquaculture Centre ya ku Domasi komweko, angapindule kawiri, pakuti ndowe za bakha zimameretsa tizomera timene chambo ndi makumba zimadya. Bakha ndi wofatsanso. Mng'ono wanga ali ndi wake amene amamutsatira mpaka kuchitsime.

Abakha a agogo aja anaswananso. Tchuthi chikamatha, amayi amatenga awiri kupita nawo kumsika wa Songani, ndipo ndalama zake ndi zimene ndimakwerera basi ndi kugulira sopo ndi makope. Anzanga, tchuthi chikubwerachi pemphani bakha mmodzi wamkazi kwa achibale. Akayamba kukhalira, lembani tsiku, ndipo muwerenge mpaka 35.

Wophunzira wa Fomu 3