Phunziro la Mwezi Uno: Za Ulendo wa Anyamata ndi Atsikana ku Msonkhano wa Dziko Lonse

Ife a kuno ku Kanyenda za maulendo tizidziwa. Makolo athu anaona ngalawa za Jumbe zirikucoka pa Nkhotakota zitadzala akapolo, kuoloka nyanja kunka kutsidya, ndipo amene anakweramo sanaonekenso. Pambuyo pace panadza maulendo a ku Halale ndi a ku Joni, ndipo ngwosowa mudzi wopanda dzina la munthu amene anamuka kukafuna nsaru ndi ndarama ya msonkho, nacona komweko. Ndi lero lomwe ana athu akali kunka ku Joni. Tsono pakumva kuti kuli ulendo wina, wa anyamata ndi atsikana a Eklezia, wonka ku maiko akutari kukasonkhana ndi anzao a mitundu yonse pamodzi ndi Papa, tiyenera kuufunsa bwino ulendowo: unayamba bwanji, kukacitika ciani kumeneko, ndipo usiyana pati ndi maulendo aja tiwadziwa kale.

Woyambitsa wace ndiye Papa John Paul II. M'caka ca 1984, potsiriza Caka Coyera ca Cipulumutso, anaitana anyamata ndi atsikana kuti adze ku Roma pa Lamulungu la Kanjedza, ndipo anadza ambiri koposa umo akuru anayembekezera. Pa Pasaka wa caka comweco, pa 22 April, Papa anawapatsa mtanda umene unaima m'chalichi ca Petro Woyera caka conseco, nawalamula aunyamule kunka nao ku maiko onse. Mtandawo ulibe zokometsera, ndiwo matabwa awiri okha, ndipo kutalika kwace ndi mamita 3.8, ngati msinkhu wa amuna awiri. Mu 1985 anawaitananso, ndipo pakutha cakaco anaika Tsiku la Acinyamata a Dziko Lonse, loti lizikumbukidwa caka ndi caka. Loyamba linacitika mu 1986. Kuyambira pamenepo mwambo wace ndi wotere: zaka zina dayosizi iri yonse isunga tsikulo kwao, koma pakapita zaka ziwiri kapena zitatu onse aitanidwa ku mzinda umodzi.

Mzinda woyamba kunja kwa Roma unali Buenos Aires, mu 1987. Inatsata ina yambiri, monga Santiago de Compostela mu 1989, Paris mu 1997, Sydney mu 2008, Rio de Janeiro mu 2013, Kraków mu 2016 ndi Lisbon mu 2023. Khamu loposa onse linasonkhana ku Manila, m'dziko la Philippines, mu 1995: pa Misa wotsiriza panali anthu oposa mamiliyoni anai, ndico ciwerengero ca anthu onse a m'Malawi pa kalembera wa 1966. Tinene mosabisa kuti msonkhano waukuruwo sunafikebe m'dziko liri lonse la Afrika, cingakhale Eklezia alikukula msanga kuno koposa ku Ulaya. Mtanda wokha ndiwo wafika. Unayenda m'maiko ambiri a Afrika mu 2006, ndi ku Angola mu 2021. Kuyambira mu 2003 uyenda pamodzi ndi cithunzi ca Amai Maria.

Ena ayesa kuti opita kumeneko akangoona mizinda ndi kudya zonona. Iai, sabata imeneyo iri ndi nchito yace. Alendo ayamba kugawidwa m'maparishi a dzikolo masiku angapo, nagona m'nyumba za Akristu, kapena pansi m'masukulu. Pamenepo asonkhana mu mzinda waukuru. M'mawa muli maphunziro a katekisimu, ophunzitsa ndiwo Ambuye Aepiskopi, gulu liri lonse m'cinenero cimene limva. Lacisanu ayenda Njira ya Mtanda. Loweruka ndilo tsiku lolemetsa: onse ayenda pansi mtunda wautari, padzuwa, atasenza madzi ndi zofunda, kufikira pa bwalo lalikuru kunja kwa mzinda, madzulo apembedza Yesu mu Ukaristia pamodzi ndi Papa, nagona pomwepo pamtetete, kudikira Misa wa Lamulungu. Ku Madrid mu 2011 kunagwa mvula yamkuntho usiku umenewo, ndipo Papa Benedict XVI, nkhalamba ya zaka 84, anakhala pomwepo ndi anyamatawo osathawa. Ku Lisbon, kuyambira pa 1 kufikira pa 6 August 2023, ogona pabwalo anali ngati miliyoni imodzi ndi theka. Ndipo akonzi a msonkhano anati panali alendo a maiko onse a pansi pano, kupatula limodzi lokha, la Maldives. Cinthu cimodzi ca ku Lisbon sitifuna kucipitirira. M'munda wina anaikamo tinyumba tolapira 150, ndipo opala matabwa ace anali akaidi a m'ndende za dzikolo. Omangidwa anakonzera omasuka malo okamasukira ku macimo ao.

Tsono titsegule Malembo, pakuti ulendo wa cipembedzo sunayambe ndi Papa ai. Mutu wa msonkhano wa ku Lisbon unatengedwa pa Luka 1:39, pamene Maria, atamva uthenga wa mngelo, ananyamuka msanga kunka ku dziko la mapiri. Werengani kufikira ndime 56. Mudzaona kuti Maria sanamuke kukadzifunira kanthu. Anamuka kwa Elizabeti, mbale wace wokalamba amene anali ndi pakati, nakhala naye ngati miyezi itatu, ndipo pamenepo anabwerera kwao. Werenganinso Luka 2:41-52. Yesu ali ndi zaka 12 anakwera ku Yerusalemu pamodzi ndi anthu a kwao, monga mwa mwambo wa Pasaka. Anakhala pakati pa aphunzitsi, kumva ndi kufunsa. Koma nkhaniyo itha ndi kutsikira kwace ku Nazarete, kumene anamvera Maria ndi Yosefe. Ndipo pa Macitidwe 8:26-39 timva za nduna ya ku Etiopia, munthu wa ku Afrika ngati ife, imene inamuka ku Yerusalemu kukapembedza. Ubatizo inaulandira panjira yobwerera, ndipo inapitirira kunka kwao mokondwa. M'nkhani zitatu zonsezi muli kunyamuka, muli kufika, mulinso kubwera. Apa ndipo ulendo wa cipembedzo usiyana ndi ulendo wa mchona.

Mau awa sitiwanena cabe. Mnyamata wa kuno asanakwere ndege ayenera kukhala ndi pasipoti, ndiponso ciphaso colowera m'dziko la eni, cimene acichula viza. Ciphaso cimeneci cibvuta kwa anthu a ku Afrika, pakuti eni maiko aopa kuti mlendo akalowa sadzaturukanso; ndipo mantha aowo ali ndi pomwe anayambira, popeza pa misonkhano ina alendo ena anazemba magulu ao, natsala m'dzikomo kufuna nchito. Umphawi tiudziwa, ndipo sitiponya mwala pa munthu wothawa njala. Koma wocita cotero ananama pamaso pa Ambuye Episkopi amene anamlembera kalata, ananyenga amai okalamba amene anasonkha ndarama zao, natsekera khomo ang'ono ace amene adzafuna kumuka pambuyo pace. Akuru anati, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wotere utsata dziko lonse, si munthu mmodzi ai. Wofuna nchito kunja aifune pa njira yace, asabvale kolona m'khosi ngati ciphaso.

Pali funso lina limene akuru a mpingo afunsa, ndipo liri ndi nzeru. Njira ya kucokera kuno ndi yaitari: msewu wa m'mbali mwa nyanja kufikira ku Salima, kukwera ku Lilongwe, ndege pa Lumbadzi, kusintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndi kuuluka usiku wonse. Ndarama za ndege yokha ziposa zimene alimi ambiri a mpunga ndi cinangwa, kapena asodzi a usipa, apeza pa caka cathunthu. Kodi si kwabwino kuzigulira malata a chalichi, kapena kulipirira ana amasiye sukulu? Ife titi: parishi imene ana ace alikugona ndi njala isadzipanikize, palibe lamulo la Eklezia lokakamiza munthu kupita. Koma sitibvomereza kuti ulendowo ngwacabe. Mkristu wobadwira pa mudzi umodzi ndi kufera pomwepo ayesa kuti Eklezia ndiye kanyumba kaudzu ka pa limana pao, ndi Bambo wofika kamodzi pa mwezi. Akaona ndi maso ace anthu a khungu liri lonse alikugwadira Ukaristia womwewo, namva pemphero la Atate Athu m'zinenero zosawerengeka nthawi imodzi, mau aja tinena m'Cikhulupiriro, akuti Eklezia ndi mmodzi ndi wa anthu onse, aleka kukhala mau a m'buku. Ndiponso alendo a maiko olemera apemphedwa kuonjeza kangacepe pa malipiro ao, kuti kathandize anzao a maiko osauka; motero katunduyo sagwera ife tokha.

Cifukwa cace opita akhale owerengeka, ndipo asankhidwe poyera. Apa ndipo pagona ngozi ya ife eni. Ulendo wa ndege ukoma, ndipo nkwapafupi kuti dzina lolembedwa likhale la mwana wa wapampando, kapena la mlamu wa msungicuma, kapena la bambo wa imvi amene unyamata wace unatha kale. Ku Lisbon oitanidwa makamaka anali a zaka 14 kufikira 30. Asankhidwe amene anzace amcitira umboni: wosajomba ku mphakati, woyendera odwala, wodziwa kufotokoza cimene waona. Atsikana asaiwalike; kawirikawiri ndiwo asesa chalichi ndi kutsogolera nyimbo, koma pofika pa maulendo maina ao asowa. Ndipo wosankhidwayo adziwe kuti ndiye mthenga. Akabwera ayende m'malimana onse, ngakhale akutari a m'mphepete mwa nkhalango, kukanena zimene anaphunzira, asangoonetsa zithunzi za m'foni ndi cipewa catsopano.

Otsala asadandaule ngati amanidwa caulere ca Mulungu. Kuyambira mu 2021, mwa lamulo la Papa Francis, Tsiku la Acinyamata lisungidwa m'dayosizi iri yonse pa Lamulungu la Kristu Mfumu, mu November; ndipo ulendo wa pansi wonka ku parishi tsiku limenelo, ndi kulapa ndi kulandira Ukaristia, suli wocepa pamaso pa Mulungu. Kulinso Namugongo, m'dziko la Uganda, kumene Akristu a maiko ambiri a Afrika asonkhana pa 3 June kukumbukira Charles Lwanga ndi anzace amene anaphedwa cifukwa ca Kristu mu 1886. Wamng'ono mwa iwo, Kizito, anali mwana wa zaka ngati 14. Akuru ena mwa ife akumbukiranso May wa 1989, pamene Papa John Paul II anadza yekha ku Malawi, nalankhula ndi anyamata ndi atsikana ku Blantyre.

Msonkhano waukuru wotsatira waikidwa ku Seoul, m'dziko la South Korea, kuyambira pa 3 kufikira pa 8 August 2027. Anaulengeza Papa Francis ku Lisbon. Iye anamwalira pa 21 April 2025, ndipo wolowa m'malo mwace ndiye Papa Leo XIV. Mtanda uja unaperekedwa kale kwa anyamata a ku Korea pa 24 November 2024. Kumeneko Akatolika ndi ocepa, ngati mmodzi pa anthu khumi, ndipo akhala pakati pa a zipembedzo zina ndi osapembedza konse. Ife a m'boma la Nkhotakota, amene titunga madzi pa citsime cimodzi ndi Asilamu ndi Aangilikani, za makhalidwe otere tizimva msanga.

Mbiri ya Eklezia wa ku Korea iyenera kuphunziridwa ndi yense wofuna kumukako. Kwathu kuno cikhulupiriro cinadza ndi ansembe ocokera kunja, ku Mponda mu 1889, ku Nzama mu 1901, ku Mua mu 1902. Ku Korea sikunatero. Mnyamata wina wophunzira, dzina lace Yi Seung-hun, anatsagana ndi atate wace pa ulendo wa ku Beijing, nabatizidwa komweko mu 1784, nalandira dzina la Petro. Anabwera kwao ndi mabuku ndi mitanda, nayamba kuphunzitsa anzace ndi kuwabatiza, wansembe palibe. Patapita zaka ngati khumi anafika wansembe woyamba, wocokera ku China, napeza Akristu ngati 4,000 alikumdikira. Pambuyo pace mafumu a dzikolo anazunza Eklezia koopsya, nafa anthu zikwi zambiri. Mwa iwo munali Andrew Kim Taegon, amene anacoka kwao ali ndi zaka 15 kukaphunzira unsembe ku Macau, nadzozedwa mu 1845, wansembe woyamba wa mtundu wace. Anadziwa cimene cinalikumdikira kwao, koma anabwera. Ndipo m'caka cotsatira anamdula mutu m'mbali mwa mtsinje wa Han, ali ndi zaka 25. Papa John Paul II anamlemba m'gulu la oyera pamodzi ndi anzace 102 ku Seoul komweko mu 1984, masabata awiri atapereka mtanda uja kwa anyamata ku Roma.