Ubwino wa Mulungu ndi Lilime la Mkristu

Pakamwa pa munthu pali ngati khomo la nkhokwe: chimene chidaikidwa m'katimo ndicho chimene chimatuluka. Ambuye Yezu adaphunzitsa zimenezi pa Luka 6:45. Yakobo Woyera nayenso, m'mutu 3 wa kalata yake, adayerekeza lilime ndi kamoto kamene kangathe kutentha nkhalango yonse. Chifukwa chake Mkristu wofuna kukonza malankhulidwe ake asayambire pa lilime ai, koma pa zimene mtima wake umasinkhasinkha.

Buku la Eksodo, mutu 16, lionetsa choopsa cha kuiwala. Patangopita mwezi umodzi chitulukire m'dziko la Ejipito, Aisraele adayamba kung'ung'udza, nakumbukira miphika ya nyama ya ku ukapolo. Mulungu sadasinthe ai. Iwo ndiwo adaleka kuganizira zabwino zimene Iye adawachitira, ndipo pakamwa pao padadzala madandaulo.

Munthu amene alingalira ubwino wa Mulungu tsiku ndi tsiku aonetsa zipatso zitatu m'mau ake.

Choyamba ndicho kuthokoza. Makolo amene amatcha ana ao Yamikani, Thokozani kapena Madalitso amachita bwino, koma dzina lokha silikwanira. Mvula ikachedwa, kapena matenda akalowa m'nyumba, Mkristu anena vuto lake moona, osalibisa. Koma satukwana, sataya mtima, ndiponso saloza mnansi wake kuti ndiye mfiti, pakuti adziwa kuti Atate amene adamsunga chaka chatha sadamuiwale chaka chino.

Chachiwiri ndicho kuleka miseche. Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo, amene adamwalira m'chaka cha 430, adalembetsa pa tebulo lake lodyera chenjezo loletsa kujeda anthu amene palibe. Possidius, amene adalemba mbiri ya moyo wake, asimba kuti tsiku lina aepiskopi anzake ataiwala chenjezolo, iye adawadzudzula kuti akapitiriza adzanyamuka pakati pa chakudya. Woyerayu adadziwa machimo ambiri amene Mulungu adamkhululukira. Ndiye chifukwa chake sadakondwere ndi kuulutsa machimo a ena.

Chachitatu ndicho kufatsa. Francis de Sales Woyera, episkopi wa ku Geneva, m'buku lake la moyo wa chipembedzo limene lidatuluka m'chaka cha 1609, adakumbutsa kuti madokotala amadziwa matenda a munthu pomuona lilime, ndipo momwemonso mau amaulula thanzi la mzimu. Bambo amene adziwa kuleza mtima kwa Mulungu alangiza mwana wolakwa mopanda kumtemberera, ndipo mai wotere sanyoza mpongozi wake pachitsime kapena kuchigayo.

Nkhaniyi njolemera, pakuti ikhudza Lamulo lachisanu ndi chitatu. Katekisma wa Eklezia Katolika wa chaka cha 1992 atchula machimo atatu oononga mbiri ya munthu: kuweruza mnzako popanda umboni wokwanira, kuulula zolakwa zake popanda chifukwa choyenera, ndi kumnamizira. Aphunzitsanso kuti wochimwa chotere, ngakhale akhululukidwe, ali ndi udindo wokonza chimene adaononga. Nchito imeneyi njovuta ndithu, pakuti madzi akatayika saoleka. Kuli bwino kutchinjiriza mtima mau asadatuluke.

Tsono Mkristu achite chiyani? Madzulo ali onse, asadagone, atchule zabwino zitatu zimene Mulungu wamchitira tsikulo, ndipo pambuyo pake adzifunse ngati mau ake adagwirizana nazo. Akapeza kuti adajeda munthu, m'mawa mwake anene chabwino cha munthuyo kwa omwe aja adamva miseche, ndipo aulule tchimolo m'Sakramenti la Kulapa.

Akatekisti aphunzitse zimenezi kwa akatekumeni ndi kwa ana a Ukaristia woyamba, powakumbutsa kuti lilime limene lilandira Thupi la Ambuye pa Misa ya Lamulungu ndi lomwelo limene lidzalankhula pamsika Lolemba.