Phunziro: Njira Zobwezera Katundu Wotengedwa Mosayenera

Mphunzitsi, tsiku lina ana adzakufunsani kuti: munthu akakana kubweza njinga yobwereka, mwini wake acite ciani? Musawayankhe kuti apite kupolisi cabe. Mlandu wa kuba colinga cake ndi kulanga wakuba. Koma pali milandu ina imene mwini katundu amasuma yekha kuti apeze cake.

Malamulo a milandu yotere anakula pang'onopang'ono kucokera m'zigamulo za oweruza a ku England, ndipo amachedwa common law. Zambia inawalandira m'nthawi ya ulamuliro wa Britain. Dziwani njira zitatu izi:

1. Detinue. Mwini aitanitsa cinthu cake, wocisunga nakana. Bwalo lingalamule kuti cibwezedwe kapena kuti mtengo wake ulipidwe. Ku England njirayi inathetsedwa ndi lamulo la mu 1977.

2. Conversion. Munthu wagulitsa, wadya kapena waononga ca mwini ngati kuti ncake. Pamenepa wolakwa alipira mtengo wa cinthuco.

3. Replevin. Katundu wolandidwa abwezedwa mlandu usanathe, wosumayo atapereka cikole cakuti adzapitiriza mlandu ndi kubweza katunduyo akagonja.

Onani kuti funso lalikulu ndi lakuti: kodi wodandaula afuna cinthu ceniceni kapena ndalama?

Malamulowa amatetezanso wotola. Mu 1722, pa mlandu wa Armory ndi Delamirie ku England, mnyamata wosesa m'macumuni anatola cokometsera ca mwala wamtengo wapatali, napita naco kwa wosula golide. Wophunzira nchito wa pamenepo anacotsa mwalawo, nakana kuubweza. Bwalo linagamula kuti wotola ali ndi mphamvu pa cimene watola kuposa wina aliyense, kupatula mwini wake weniweni. Linanenanso kuti mwalawo ukapanda kuonetsedwa, wosulayo alipire mtengo wa mwala wabwino koposa wokwana pamalopo.

Zocita m'kalasi

(a) Simbirani ana a Giredi 7 nkhani ya mnyamatayo m'mau apafupi, musanaulule cigamulo. Aweruze okha m'magulu.

(b) Lembani pabolodi mau awa: kubwereka, kukongola, kutola, kulanda, kusungiza, cikole. Mwana aliyense apange ciganizo coonetsa kusiyana kwake.

(c) Afunse makolo mmene mfumu imaweruzira mlandu wa mbuzi yosungizidwa imene wosunga wagulitsa, nayerekeze ndi njira zitatuzi.