KHUTU LA GALU NDILO MLONDA WA MUDZI

Mlimi, kodi munayamba mwayang'ana m'khutu mwa galu wanu? Ambiri a ife timayendera ng'ombe m'mawa uli wonse, tiwerenga mbuzi madzulo polowa m'khola, koma galu timangomponyera mkute ndi kumuiwala. Komatu galuyo ndiye mlonda wa zonsezi. Usiku, inu muli m'tulo, iye amamva fisi asanafike pa khola, amamvanso mbala irikuyenda kuseri kwa nkhokwe. Ndipo cimanga cikayamba kukhwima, ndiye apitikitsa apusi ndi nguluwe ku munda. Nchito yonseyi aigwira ndi makutu ace. Galu wogontha adya nsima yanu osakubwezerani kanthu. Cifukwa cace werengani bwino mau awa, ndi kuwawerengeranso anzanu amene sadziwa kuwerenga.

AGALU AMENE ABVUTIKA KOPOSA

Galu wathu wa kumudzi ali ndi ubweya waufupi, ndipo ambiri makutu ao ali ciriri kapena opindika pang'ono cabe. Mphepo ilowa m'khutu mwace ndi kuumitsamo. Koma Boma la Chongwe liri pafupi ndi Lusaka, mtunda wa makilomita ngati 45 pa mseu wa Great East, ndipo agalu a mitundu ya kunja afika m'mafamu ndi m'midzi yathu. Ena tipatsidwa ndi abale a m'tauni, ena tigula, ena abadwa pamene agalu otere akwerana ndi athu. Mwa iwo muli a Alsatian, a ubweya wambiri m'khosi ndi kuseri kwa makutu. A Maltese ndi a Poodle, amene ubweya umamera m'kati mweni mweni mwa khutu. Ndi a Spaniel, amene makutu ao alendewera natseka khomo la khutu monga citseko.

Agalu otere akongola ndithu, ndipo ana awakonda. Koma akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ubweya umene ukondweretsa maso ndiwo ubisa nkhupakupa, usunga madzi, nukola njere za udzu.

MAPANGIDWE A KHUTU

Njira ya m'khutu mwa munthu ndi yaifupi, ndipo ipita molunjika. Ya galu siri tero: iyamba yatsikira pansi, kenaka ikhotera m'kati mwa mutu, monga khasu likhalira pa mpini wace. Kumapeto kwa njirayo kuli kacikopa kopyapyala ngati ka pa ng'oma, ndipo ndiko kalandira mau. Cifukwa ca kukhotako, madzi kapena kacitsotso zikalowa sizituruka msanga. M'katimo mukhala mofunda ndi monyowa, ndipo tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tikhala pa khungu la galu ali yense osamcita kanthu, ticurukana kufikira khutu litatupa ndi kuturuka mafinya.

Gwirani mau awa: nthenda ya m'khutu siingobwera yokha. Nthawi zonse pali cina cimene ciitsegulira njira, ndipo mukacipeza msanga, mwapulumutsa khutu.

ZINTHU ZISANU ZOTSEGULIRA NTHENDA NJIRA

1. Nkhupakupa. Oweta ng'ombe aidziwa bwino nkhupakupa yofiirira ya m'makutu, imene ipatsa ng'ombe nthenda imene anzathu a kumwera acha denkete ndipo a kum'mawa acha cigodola. Zazikulu zace zicuruka mvula ikakhazikika, kuyambira Disembala, ndipo galu wotsata ng'ombe ku busa abwera nazo. Palinso nkhupakupa ya agalu okha, imene ibisala m'ming'alu ya zipupa ndi pogona pa galu. Iyi ikonda makutu ndi pakati pa zala. Galu satenga cigodola, koma nkhupakupa zimpatsa malungo ace amene atha mwazi, ndipo poluma pace pasanduka cironda.

2. Tizirombo ta m'khutu. Tiri tating'ono toyera, tobvuta kutiona. Mudzatidziwa ndi zinyalala zakuda zouma, zonga fodya wopera, zimene zidzaza khutu. Tigwira kwambiri tiana ta agalu ndi amphaka, ndipo tiyenda kucokera ku nyama ina kunka ku inzace zikagona pamodzi. Kuyambira dzira kufikira kacirombo kokhwima papita masabata 3.

3. Njere za udzu. Mvula itatha, mu Epulo, Meyi ndi Juni, udzu ukhwima. Njere zosongoka ndi cisoso zikola ubweya wa galu wopita ku chire, ndipo njere yosongoka iyenda cammaso cokha, siibwerera. Galu amene anacoka m'mawa ali bwino, nabwera madzulo akupukusa mutu kolimba ndi kulira, kawiri kawiri ali ndi njere m'khutu.

4. Madzi. Galu wosambira mu mtsinje wa Chongwe kapena m'madambo, kapena wosambitsidwa ndi ana amene amthira madzi pamutu, akhala ndi cinyontho m'khutu masiku ambiri ngati ubweya uli wautali.

5. Nchenche. Nchenche zoluma za ku khola zikonda nsonga za makutu, makamaka m'nyengo yotentha ndi ya mvula. Zisiya nkhanambo zakuda zokha mwazi. Nchenche zina ziikira mazira pa zirondazo, ndipo pasanapite masiku mudzapeza mphutsi zirikudya mnofu pansi pa ubweya.

Palinso agalu ena amene khungu lao silimvana ndi cakudya cina kapena pfumbi la maluwa a udzu. Awa amayabwa thupi lonse, anyambita mapazi, ndipo khutu liwabvuta caka ndi caka. Otere afuna dotolo wa ziweto.

ZIZINDIKIRO

Galu wamkota sakandira pacabe. Mukaona galu wanu alikukanda khutu kosaleka, kulikhuza pansi, kapena kupukusa mutu kawiri kawiri, musanene kuti ndi utitiri cabe. Tukulani khutu ndi kununkhiza. Khutu labwino liri loyera m'kati, louma, lopanda pfungo, ndi phula pang'ono pokha. Khutu lodwala liri lofiira, lotentha, lonunkha. Lituruka phula lakuda kapena mafinya acikasu, ndipo galu alira mukaligwira.

Mukacedwa, zoipa ziwiri zitsata. Coyamba, kupukusa mutu kuphulitsa timitsempha ta mwazi m'tsamba la khutu, ndipo litupa lofewa ngati citumbuwa. Caciwiri, mafinya aboola kacikopa ka ng'oma kaja nalowa m'kati mwa mutu. Pamenepo galu apendeketsa mutu mbali imodzi, ayenda dzandidzandi kapena mozungulira, ndipo angathe kugontha mpaka kufa kwace.

CENJERANI NDI CIWEWE

Pano pali mau akulu, pakuti akhudza moyo wa munthu. Galu wodzandira si ndiye kuti ali ndi nthenda ya khutu nthawi zonse. Ciwewe naco cidzandiritsa galu. Ngati galu wasintha mkhalidwe mwadzidzidzi, aluma zinthu zacabe, akha dovu, alephera kumeza, mau ace asintha, kapena analumidwa ndi galu wacilendo kapena nkhandwe, musamgwire konse kumutu. Mtsekereni pa yekha ngati mungathe kutero osayandikira, cotsani ana, ndipo tumizani mau kwa mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti ciwewe cikayamba kuoneka mwa munthu ciribe mankhwala. Galu ali yense alandire katemera akakwana miyezi 3, ndi kubwereza caka ndi caka. Tsiku la 28 Seputembala ndilo lokumbutsa dziko lonse za nthendayi. Galu wotemeredwa ndiye mungathe kumsamala makutu ndi mtima wokhazikika.

NCHITO YA SABATA NDI SABATA

Sankhani tsiku limodzi pa sabata, monga tsiku lopita ndi ng'ombe ku dibi, kuti musaiwale. Nchito yace siitenga nthawi yoposa ya kumwa kapu ya tiyi. Citani motere:

1. Khalani pabwalo poyera. Mnzanu agwire galu, ndipo ngati khutu liwawa, mangani pakamwa pace ndi kansalu, pakuti ngakhale galu wofatsa aluma akamva ululu. Musapatse ana nchito iyi.

2. Tukulani khutu, yang'anani, nunkhizani. Pesani ubweya wa kuseri kwa khutu ndi zala, ndi kucotsa cisoso ndi njere.

3. Nkhupakupa muigwire pafupi ndi khungu ndi kacitsulo kopanira, ndi kuikoka pang'ono pang'ono molunjika kuti mutu wace usatsale. Musaiphwanye ndi zala. Iponyeni pa moto, pakuti yaikazi imodzi iikira mazira zikwi zingapo.

4. Metani ndi sizasi ubweya wozinga khomo la khutu ndi wopotana kuseri kwace, kuti mphepo ipite. Ikani cala canu pakati pa sizasi ndi khungu. Ubweya wa m'kati mweni mweni musauzule. Kuzula kusiya tizironda, ndipo ndi nchito ya dotolo ikafunika.

5. Wiritsani madzi theka la lita, thiranimo mcere supuni yaing'ono imodzi, ndi kuwaleka azizire. Bviikani thonje kapena kansalu koyera, finyani, ndi kupukuta tsamba la khutu ndi pakhomo pace, pokha pofika cala canu. Khutu liri lonse likhale ndi thonje lace lace. Khutu likakhala loyera kale, lilekeni.

6. Galu akasambira kapena kubvumbwa ndi mvula, pukutani makutu ace aume.

7. Pa nsonga zolumidwa ndi nchenche tsukani nkhanambo ndi madzi a mcere aja, ndi kupaka Vaseline wambiri tsiku ndi tsiku. Sunthani pogona pa galu pakhale kutali ndi ndowe za m'khola.

8. Sesani pogona pace, tenthani udzu kapena masaka akale, ndi kumata ming'alu ya cipupa.

Mukayamba kugwira makutu a galu akali kamwana, ndi kumpatsa kacakudya mutatha, adzazolowera, ndipo sadzakubvutani atakula.

ZIMENE SIMUYENERA KUCITA

Musathire parafini, dizilo kapena oilo wakuda wa galimoto m'khutu. Izi ziocha khungu, ndipo ngati kacikopa kaja kabooka, zilowa m'kati ndi kugonthetsa galu. Musathiremo mankhwala a dibi la ng'ombe, kapena othira pa thonje ndi ndiwo za m'dimba. Agalu ambiri afa nao. Musabaye galu mankhwala a njoka za m'mimba a ng'ombe, ochedwa ivermectin, mwa nzeru zanu zokha, pakuti muyeso wa galu ndi wina, ndipo agalu ena a ubweya wautali, a mtundu wa Collie, angathe kufa ndi muyeso umene galu wina aupirira. Musatokose m'khutu ndi kamtengo ka macesi, nthenga kapena waya. Mudzangokankhira zinyalala pa kukhota paja. Musaboole khutu lotupa ndi mpeni, pakuti lidzadzalanso mwazi ndi kubvunda. Ndipo musadule makutu a galu. Kudula sikumcititsa ukali, sikumcinjiriza ku nthenda. Kungompatsa bala loitana nchenche.

NTHAWI YOPITA KWA MLANGIZI

Pitani kwa mlangizi wa ziweto wa dera lanu, kapena ku ofesi ya za ziweto pa Boma la Chongwe, mukaona cimodzi mwa izi: mafinya kapena pfungo loipa, khutu lotupa, mphutsi, mutu wopendekeka, kulira kwadzidzidzi kosonyeza njere, kapena kukanda kosaleka masiku 3 mutayamba kusamala. Nthenda ikakula, kuli sukulu ya madotolo a ziweto ya Samora Machel pa University of Zambia, pa mseu womwewo wa Great East polowa mu Lusaka, kumene aona agalu. Dotolo ali ndi kanyali koyang'anira m'khutu kufikira pa kacikopa kaja, ndipo ndiye adziwa mankhwala oyenera, pakuti mankhwala ena odonthezera aononga khutu ngati kacikopako kabooka.

Mukapatsidwa mankhwala, donthezani monga mwauzidwa, ndi kusisita patsinde pa khutu kufikira mutamva madzi akulira m'kati. Tsirizani masiku onse amene dotolo wanena. Ambiri aleka pa tsiku lacitatu poona galu wasiya kukanda, ndipo nthenda ibwera yolimba koposa kale. Ngati cobvuta ndi tizirombo ta m'khutu, agalu ndi amphaka onse a pakhomo alandire mankhwala pamodzi, kwa masabata 3 kapena 4, kuti mazira onse athe.

Thonje pang'ono ndi mcere wa m'nyumba sizilingana mtengo ndi mbuzi imodzi yogwidwa ndi fisi pamene galu ali gone osamva. Lero lomwe, dzuwa lisanalowe, itanani galu wanu, mtukule khutu, ndi kuona cimene ciri m'katimo.