Funso la Kanema ndi Yankho Lofulumira

Pali funso limene anthu amafunsana pa masewera oyesana nzeru: Kodi kanema woyamba wokhala ndi mitundu, wosakhala wakuda ndi woyera cabe, ndi uti? Ambiri sacedwa, angoti, The Wizard of Oz. Yankholi nlolakwa. Koma musawaseke, ana inu. Tiyeni tilondole mapazi ao, tione pamene anasokera.

Kanemayo anaturuka ku America m'caka ca 1939. Poyamba pace zonse zioneka zotuwa ngati pfumbi. Mtsikana wina dzina lace Dorothy akhala ku Kansas. Kabvumvulu anyamula nyumba yace, naitula ku dziko lacilendo. Ndipo pakutsegula iye citseko, taonani, maluwa ofiira, masamba obiriwira, ndi mseu wacikasu! Munthu woona zotere saiwala msanga, ndipo mumtima mwace ati, Pa citseko paja mpamene mitundu inayambira. Potero wasokoneza zinthu ziwiri, cimene cinamdabwitsa iye ndi cimene cinayamba kucitika.

Akadafatsa pang'ono akadadzifunsa, Kodi sindidziwa kanema wina wa mitundu amene anatsogola? Alipo, ndipo ana ambiri amdziwa: Snow White and the Seven Dwarfs, wa Walt Disney, wa m'caka ca 1937. Mmodzi yekhayu akwanira kugwetsa yankho lija.

Kapena wina adzati, Koma uyo ngwa zithunzi zolemba pamanja, mulibe anthu enieni. Wanena zoona, ndipo kutsutsa kotere nkwabwino. Tsono timpatse The Adventures of Robin Hood wa 1938, momwe muli anthu enieni; timpatsenso Becky Sharp wa 1935, amene anali kanema wamtali woyamba kujambulidwa yense ndi njira ya Technicolor ya mitundu itatu. Kamera yace inali ndi galasi logawa kuwala, kuti kugwe pa malamba atatu a filimu: lina la kufiira, lina la kubiriwira kwa msipu, lina la kubiriwira kwa thambo. Ndi njira yomweyi anajambulira dziko la Oz patapita zaka zinai.

Kodi tsono Becky Sharp ndiye yankho? Muyambe mwamfunsa wofunsayo cimene afuna, pakuti funso lace nlotakata. Ngati alola mitundu iwiri yokha, kufiira ndi kubiriwira, tibwerere ku England, kumene George Albert Smith anaonetsa zithunzi zoyenda za Kinemacolor m'caka ca 1908. Ndipo ngati alolanso utoto wopaka, tibwerere m'mbuyo ndithu, ku Paris. Kumeneko akazi anali kukhala pa magome ndi tiburashi tating'ono, napaka utoto pa kacithunzi kamodzikamodzi ka m'filimu, cinkana mphindi imodzi ya kanema imatha tizithunzi mazanamazana. Makope ena a kanema wa Georges Méliès wa ulendo wa ku mwezi, wa m'caka ca 1902, anapakidwa motero.